Tawabatiza, koma walowa nawo m'bwato ndani?

Usiku wina magetsi atazima ndinayatsa tochi ya pafoni n'kutsegula kope limene ndimalembamo mayina a ana a kalasi pa mpingo wathu. Ndinabwerera m'mbuyo zaka zisanu, pa tsamba la gulu lina limene ndinkalinyadira kwambiri. Anali achinyamata 34. Lamulungu limene analandiridwa ndikulikumbukira bwino: malaya oyera ositidwa, amayi a Mvano akululutira, makolo atabwera ndi mpunga ndi chambo chokazinga, ife akulu a mpingo titakhala kutsogolo tikugwedeza mitu ndi chimwemwe. Ndinatenga cholembera n'kuyamba kuchonga dzina la aliyense amene ndimamuonabe m'tchalitchi, kapena amene ndikudziwa kuti akupemphera kumene anasamukira. Sindinafike pa 10.

Mmodzi mwa amene sindinawachonge ndi mnyamata amene ankayankha mafunso onse a katekisimu osaphonya ngakhale liwu. Atalandiridwa anapita ku Joni monga amachitira anyamata ambiri a kuno, anakakhala zaka zitatu, n'kubwerako ndi njinga yamoto. Tinakumana pa siteji ya kabaza kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Anavula chipewa, n'kundipatsa moni ndi manja awiri. Nditamufunsa chifukwa chimene sitikumuonera kutchalitchi, anayang'ana pansi kanthawi, kenaka anati: "Abambo, kalasi itatha palibe amene anandifunsanso kuti ndikukhala bwanji. Ku Joni ndinaona zinthu zimene mayankho aja sanandiuze. Nditabwera ndinachita manyazi kulowa."

Sananene mokwiya. Koma mawuwo anandilasa, chifukwa munthu amene sanamufunseyo ndinali ine.

Ndikulemba izi kwa akhristu anzanga a m'boma lino la Mangochi, a mipingo yonse, chifukwa ndaona kuti vutoli si la mpingo wathu wokha. Timadziwa kusonkhanitsa anthu, kuwaphunzitsa mayankho ndi kuwabatiza. Chimene tataya ndi kuyenda nawo pambuyo pake. Ndipo ndikukana kuti mlandu wonse tiziukankhira kwa achinyamata, ku mafoni, ku mashowo a mafilimu kapena kwa Satana. Gawo lalikulu ndi lathu ife akuluakulu, amene tasandutsa kuphunzitsa munthu kutsata Yesu kukhala ngati sukulu yokhala ndi mayeso ndi tsiku lotsekera.

Ine ndinakulira kunyanja, ndipo usodzi ndinaphunzira kwa malume anga. Sanandikhazikepo pansi pa mtengo n'kundiuza kuti lero tiphunzira za mphepo. Ndili ndi zaka 12 anangoti, "Mphwanga, tenga nkhafi, lowa." Tsiku loyamba bwato linkangozungulira malo amodzi. Iwo anali kumbuyo, osalankhula zambiri, akungokonza ndi nkhafi yawo pamene ine ndalakwitsa. Patapita masiku anayamba kundilozera zinthu: mmene madzi amasinthira mtundu mwera ukamayandikira, mmene umakhalira m'bwato kuti funde lisakugubuduze, mfundo imene umamanga posoka ukonde kuti isamasuke. Ndikamanga molakwika ankamasula osandikalipira, n'kundibwezera m'manja kuti ndiyambirenso. Zala zinatupa, koma lero ngakhale mutanditseka m'maso mfundo imeneyo ndimanga.

M'bwato momwemo ndi mmene ndinaonera Chikhristu chawo. Asanakankhire bwato m'madzi ankavula chisoti n'kupemphera mawu ochepa, osaposa mpweya umodzi. Tsiku lina m'mawa mayi wina wogula nsomba anawapatsa ndalama zopitirira, chifukwa pepala lina linamatirira ku linzake ndi chinyezi. Mayiyo anali atasenza kale dengu lake, akupita kokwera galimoto. Malume atawerenga anandipatsa pepala lija n'kunena kuti, "Thamanga, ukawapatse amayi aja, ndi mpamba wawo umenewu." Usiku umenewo tinali titapha nsomba zochepa, ndipo kunyumba kunalibe ufa wokwanira. Ndinathamanga mumchenga wotentha mtima ukukana. Sananditsegulire vesi lililonse pobwerera. Koma lamulo lakuti usabe, limene ndinali nditaliloweza kale ku Sande sukulu, linalowa m'thupi mwanga tsiku limenelo, kudzera m'mapazi.

Nditakula n'kuyamba kuwerenga Uthenga Wabwino ndekha, ndinazindikira kuti Yesu anaphunzitsa anthu ake mwa njira yomweyi. Si mwangozi kuti oyamba kuitanidwa, Simoni ndi Andireya, Yakobo ndi Yohane, anali asodzi, ndipo awiri a iwo anawapeza ali m'ngalawa akusoka maukonde. Pa Marko 3:14 timamva kuti anasankha khumi ndi awiri aja choyamba kuti azikhala naye, kenaka kuti awatume. Kukhala naye ndiko kunayamba. Anadya naye, anaona mmene amayankhira womunyoza, mmene amalankhulira ndi mayi amene mudzi wonse unkamusala, mmene amadzukira m'mamawa kukapemphera. Anakangana pamaso pake za amene ali wamkulu, iye n'kuwakonza pomwepo, panjira. Ndipo pa Mateyu 28:19-20, pamene akuwatuma, ntchito siithera pa ubatizo. Akuti awaphunzitse anthuwo kusunga zonse zimene anawalamula. Kusunga n'kosiyana ndi kuloweza. Mnyamata wa kabaza uja analoweza zonse. Panalibe womuonetsa mmene amasungira mawuwo munthu akakhala m'chipinda chimodzi ndi anyamata asanu ndi mmodzi ku Johannesburg, alibe mapepala, bwana wamubera malipiro, ndipo mnzake akumuonetsa njira yachidule yopezera ndalama.

Chinyanja chathu chinatithandiza kale pamenepa. Otsatira a Yesu Baibulo limawatcha ophunzira. Wophunzira amakhala ndi womuphunzitsa, wodziwika dzina ndi nkhope. Ndiye tadzifunseni, inu amene mukuwerenga: pa mpingo panu, ndani amene angaloze inu n'kunena kuti Chikhristu ndikuphunzira kwa awa?

Taonani kalendala ya mpingo uliwonse m'tauni muno kapena ku Monkey Bay, ku Namwera, ku Malindi. Mwezi uno Pepa Sande ya denga, mwezi wamawa chitsitsimutso cha masiku atatu ndi mlaliki wochokera ku Blantyre, kenaka usiku wa mapemphero, chikondwerero cha makwaya, ulendo wa amayi, Pepa Sande ina ya galimoto ya abusa. Sindikunyoza zimenezi. Denga likadontha tonse timanyowa, ndipo ine ndemwe ndinagwidwapo mtima pa msonkhano wa chitsitsimutso. Koma zonsezi ndi za khamu. Zimawerengeka mosavuta: anabwera angati, anakweza manja angati, tapeza zingati. Lolemba m'mawa mahema akaphwasulidwa ndi zokuzira mawu zikabwezedwa, aja anakweza manja aja amabwerera ku doko, ku msika ndi ku maofesi okhaokha.

Ndakhala m'mabwalo a akulu a mpingo zaka zambiri, ndipo chimene chimandipweteka n'chakuti dzina la mkhristu wamba limatchulidwa pa bwalo kawiri: pamene akulandiridwa, ndi pamene walakwa. Mtsikana amene tinamulandira ndi nthungululu, timadzamvanso za iye patapita zaka ziwiri akuti ali ndi pathupi, ayimitsidwe pa mgonero. Pakati pa masiku awiriwa panali miyezi 24. Anasowa fizi, bambo ake anapita ku Joni osatumiza kanthu, mwamuna wina wa ndalama za nsomba anayamba kumugulira sopo ndi mafuta odzola. Zonsezi zinachitika masana, anthu akuona. Ife tinafika pomaliza, ndi chilango m'manja. Chilango cha mpingo chili ndi malo ake, sindikuchitaya. Koma mbusa amene amangoonekera nkhosa itathyoka mwendo ayenera kuyamba wadzifunsa kumene anali pamene inkayandikira phompho.

Tili ndi aphunzitsi ena pafupi amene sitifuna kuvomereza kuti angatiphunzitse kanthu. Boma lino lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu. Ndi anansi athu, ena ndi abale athu a magazi. Sindigwirizana nawo pa za Yesu, ndipo iwo akudziwa. Koma ndimaona mmene chikhulupiriro chawo chimalowera mu tsiku lililonse. Kusanache mwazini amaitana. Masana mwana akaweruka ku sukulu amadya n'kunyamuka kupita ku madrasa. Mwezi wa Ramadani ukafika, mnyamata wa zaka 13 amayesa kumanga nawo chifukwa akuona bambo ake, amalume ake ndi anzake onse akumanga. Lachisanu masana mashopu ena amatsekedwa kaye. Mwana wotere sachita kuuzidwa kuti chipembedzo n'chofunika, amachipuma ngati mpweya. Mwana wa mkhristu nthawi zambiri amaona Baibulo likupukutidwa fumbi Lamulungu m'mawa. Pa Deuteronomo 6:6-7 Mulungu anauza Aisraeli kuti mawu ake aziwakamba ndi ana awo pokhala pansi m'nyumba, poyenda panjira, pogona ndi podzuka. Lamulo limeneli lili m'buku lathu, koma amene akuoneka kuti akulitsata pa mudzi pano ndi anzathuwa.

Palinso china. M'boma ngati lino mkhristu amaonedwa. Mnansi wachisilamu sadzabwera ku chitsitsimutso chathu, ndipo zokuzira mawu zathu za usiku wonse zimangomusowetsa tulo. Uthenga umene amawerenga ndi mmene mkhristu amabwezera ngongole, mmene amasungira mkazi wake, ngati amafika pa maliro a Msilamu n'kugwira nawo khasu. Tikalephera kuumba anthu otere, palibe msonkhano umene ungalankhule m'malo mwawo.

Mbiri ya Chikhristu m'boma lino iyenera kutichititsa manyazi pa changu chathu chofuna manambala. Sitima ya Ilala inalowa m'nyanja ya Malawi mu Okutobala 1875, ndipo amishoni a Livingstonia, pakati pawo Dr Robert Laws, anamanga mishoni yawo yoyamba ku Cape Maclear. Anakhalako mpaka 1881 pamene anasamukira ku Bandawe. Manda awo alipo mpaka lero pansi pa phiri, kuphatikizapo a Dr William Black ndi a Shadrach Ngunana, mlaliki wachikuda wochokera ku Lovedale ku South Africa. Pa zaka zonsezo anabatiza munthu mmodzi, Albert Namalambe, mu 1881. Mmodzi yekha. Lipoti lotere litafika pa bwalo la mpingo lero, tikhoza kunena kuti ntchito yalephereka. Koma Namalambe anakhala nawo pa mishonipo, akuphunzira ndi kugwira nawo ntchito, ndipo pamene ankasamuka anamusiyira iyeyo kuti ayang'anire ntchito ya ku Cape Maclear. Anali munthu woti n'kumusiyira kanthu. Ansembe a White Fathers nawo anafika kwa Mponda kumapeto kwa 1889 n'kuchoka mu 1891 osaona zipatso, ndipo dayosizi ya Katolika ya Mangochi inadzakhazikitsidwa mu 1973, Ambuye Alessandro Assolari ali episkopi woyamba. Ansembe a White Fathers aja ankasunga munthu m'kalasi zaka zinayi asanamubatize. Aanglikani anakhazikika kwa Mponda ndi ku Malindi, n'kumayendera midzi ya m'mbali mwa nyanja pa sitima ya Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda mu 1901 ndipo inkagwiranso ntchito ngati sukulu yophunzitsiramo aphunzitsi.

Sindikuti amishoni anali angelo. Ambiri anachedwetsa dala kupereka udindo kwa anthu akuda, ndipo ananyoza miyambo ina imene sanaimvetse. Sindikutinso tibwezeretse kalasi ya zaka zinayi, chifukwa kutalika kwa kalasi pakokha sikusintha mtima. Chimene ndikutolapo n'chakuti anthu amene anabweretsa Uthenga kuno ankadziwa kuti kuumba mkhristu mmodzi kumadya zaka, ndipo anavomera kulipira mtengowo.

Tsono Chikhristu cha munthu wa ku Mangochi chimayesedwa pati? Tiyeni titsikire ku doko m'mawa, maboti a chilimira akamakocheza.

Pali mayi wa geni amene ali ndi zigoba ziwiri. Chogulira usipa n'chofutukuka, anachiviika m'madzi otentha kuti chikule mimba. Chogulitsira anachibonyola kunsi. Mayiyu ndi wa chigwirizano cha amayi, Lachinayi amavala yunifolomu yoyera bwino. Si munthu woipa mtima. Anaphunzira geni kwa anzake, ndipo anamuuza kuti ukapanda kutero mpamba umatha. Miyambo 11:1 imanena kuti muyeso wonyenga umamunyansa Yehova, ndipo vesili mwina analimvapo pa guwa. Koma ulaliki sungamuonetse mmene angapezere phindu ndi chigoba chimodzi. Amene angamuonetse ndi mayi mnzake wa geni yomweyo, amene wachita zimenezi zaka 15, amene angakhale naye pa thandala akuyanika usipa n'kumuwerengera: ukagula mwakuti, ukafutsa bwino osawotcha, ukasunga makasitomala ako a ku Limbe chifukwa amakukhulupirira, phindu limabwera pang'onopang'ono koma silithawa. Amayi otere alipo m'mipingo yathu. Sitinawapemphe kuti atenge wina.

Pali mwini boti, mkulu wa mpingo, amene alovi ake akoka ukonde usiku wonse m'mphepo, koma pogawana amayamba wachotsa za mafuta, za mabatire a nyali, za ngongole ya dzana, mpaka anyamatawo atsala ndi ya fodya yokha. Lamulungu amapereka chakhumi chonenepa, ife n'kuwomba m'manja. Yakobo 5:4 imanena kuti malipiro obedwa kwa antchito amafuula, ndipo kufuulako kumafika m'makutu a Ambuye. Ndani ali pafupi naye mokwanira kuti amuuze zimenezi pamaso, mwachikondi, iye n'kumva?

Pali nkhani ya nyengo yotseka nyanja kumapeto kwa chaka, pamene chambo chimaswana. Aliyense wa kunyanja amadziwa kuti chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, ndiye ukachikola nthawi imeneyo wapha mazana ambiri pa kamodzi. Amadziwanso chimene chinachitikira nyanja ya Malombe, kumene chambo chinali mbwee m'masiku a makolo athu koma pofika zaka za m'ma 1990 chinali chitatsala pang'ono kutheratu. Komabe usiku maukonde oletsedwa amalowa m'madzi, ndipo maneti a udzudzu amene analandiridwa ku sikelo kuti ateteze ana ku malungo akukokolola tinsomba tosakwana ndi chala chomwe. Ena mwa okoka ndi oimba kwaya. Pa Deuteronomo 22:6-7 pali lamulo laling'ono limene sindinalimvepo likulalikidwa kuno: ukapeza chisa cha mbalame, usatenge make pamodzi ndi ana, make umusiye apite, kuti zinthu zikuyendere bwino ndi kuti masiku ako achuluke. Lamulo limeneli likunena za chambo chathu. Koma msodzi amene ana ake agona ndi njala mu Disembala safuna vesi lokha. Amafuna msodzi mnzake wachikhristu amene anaphunzira kusunga ndalama za miyezi ya usipa wambiri, amene ali ndi kadimba kapena mbuzi zomudutsitsa miyezi yotseka, amene angamulowetse mu banki m'khonde m'malo momusiya apite kwa a katapila.

Ndipo pali chija timachinong'ona, cha amayi amene amagona ndi asodzi kuti apeze mwayi wogula nsomba zikachepa. Matenda alowa m'mabanja ambiri kudzera pa khomo limeneli. Pa guwa timangoti chigololo n'tchimo, zimene ndi zoona. Koma mnyamata wa zaka 19 amene wangoyamba ulovi, ndalama zili m'thumba koyamba, ali kutali ndi kwawo, amatengera zimene akuona kwa akuluakulu a m'boti lake. Ngati m'botimo mulibe bambo woopa Mulungu womuyang'anira, adzaphunzitsidwa ndithu, koma ndi ena.

Yohane Mbatizi anthu atamufunsa kuti tichite chiyani, pa Luka 3:10-14, sanawauze kuti achulukitse misonkhano. Okhometsa msonkho anawauza kuti asalipiritse zopitirira, asilikali anawauza kuti asalande za anthu ndipo akhutire ndi malipiro awo. Aliyense anamuyankha za pa ntchito pake. Kulapa kwa namwino kumaoneka m'mene amalankhulira ndi mayi wobwera usiku ndi mwana wotentha thupi. Kwa mphunzitsi kumaoneka pa mtsikana wa Fomu 2 amene akanatha kumunyenga koma anamuteteza. Kwa kalaliki kumaoneka pa fayilo imene yayenda popanda ya fanta.

Ndikudziwa zimene ena ayankhe, chifukwa ndazimva kale pa bwalo.

Ena amati kusintha munthu ndi ntchito ya Mzimu Woyera, ife tingolalikira. Ndikuvomera ndi mtima wonse kuti palibe munthu angabadwitse mnzake mwatsopano. Koma Mzimu yemweyo ndi amene anatuma Filipo kukakwera galeta la mdindo wa ku Itiyopiya, amene ananena poyera kuti sangamvetse zimene akuwerenga popanda womutsogolera. Apolo anali mlaliki wamoto, koma Prisila ndi Akwila anamutengera pambali n'kumulongosolera bwino njira ya Mulungu. Paulo anauza Timoteo kuti zimene anamva azipereke kwa anthu okhulupirika amene adzaphunzitsenso ena. Mvula ndi ya Mulungu, koma sitinamvepo mlimi akusiya kupalira chifukwa cha chimenecho.

Ena amati tili nazo kale: Akatolika ali ndi miphakati, imene maepiskopi a bungwe lawo la kum'mawa kwa Africa, la AMECEA, anailimbikitsa kuyambira zaka za m'ma 1970, ife tili ndi milaga, ena ali ndi maselo. Apa ndiye pali chiyembekezo changa chachikulu, chifukwa nyumba yake ilipo kale. Koma tinene zoona za zimene zimachitika tikakumana. Nthawi zambiri mlaga umangokhala tchalitchi chaching'ono: nyimbo, pemphero, mmodzi alalikire, chopereka, zolengeza za zopereka zina, chisomo. Abambo sabwera. Palibe amene amafunsa mnzake kuti geni ikuyenda bwanji, kapena kuti mwamuna wanu ku Joni anaimba liti foni komaliza. Titachepetsa ulaliki pa mlaga n'kusiya theka la ola loti anthu akambe zimene zawachitikira sabata imeneyo, n'kuziyika pafupi ndi Mawu amene awerengedwa, mlaga ungasanduke bwato lophunziriramo.

Chodandaula chimene ndimachilemekeza kwambiri n'chakuti kuyika munthu m'manja mwa mnzake n'koopsa. Taona anthu odzitcha apapa akulamula ana awo auzimu pa chilichonse, mpaka wokwatirana naye, akuwagulitsa madzi ndi mafuta, ena akuwaletsa kumwa mankhwala a kuchipatala. Taonanso abambo ena akugwiritsa ntchito uphungu ngati njira yofikira atsikana. Mantha amenewa ndi oona. N'chifukwa chake ndikunena kuti mwamuna ayende ndi mwamuna, mayi ndi mayi, poyera, mpingo ukudziwa, popanda ndalama kudutsa pakati. Ndipo pali chizindikiro chosiyanitsira. Malume anga ankandiphunzitsa kuti tsiku lina ndidzapalase ndekha, ndipo tsiku limene ndinatuluka ndekha anaima pa doko akumwetulira. Mphunzitsi amene akufuna kuti uzimudalira mpaka imfa, amene sakondwa ukafunsa mafunso kapena ukawerenga Baibulo wekha, akudzipangira ophunzira ake, osati a Yesu.

Otsala amati nthawi palibe, kapena kuti ine ndine wochimwa, ndingaphunzitse ndani. Za nthawi, sindikupempha msonkhano wina woonjezera pa kalendala. Ndikupempha kuti pa zimene mukuchita kale mutengepo munthu. Mukupita kumunda, mutengeni. Mukukazonda wodwala ku chipatala, mutengeni aone mmene mumapempherera pa bedi la munthu amene akutsirizika. Za uchimo, wophunzira amapindula kwambiri akaona mkhristu wamkulu akulakwa n'kupita kukapepesa. Ine ndinaonapo malume akupepesa mkazi wawo pamaso pa ana atawalankhula mokalipa, ndipo phunziro limenelo landisungira banja langa kangapo.

Chimene ndikupempha mabwalo a mipingo yathu n'chochepa. Tsiku lolandira ana a kalasi, aliyense atuluke m'tchalitchi ali ndi dzina la mkhristu wamkulu amene adzayende naye chaka chathunthu, ndipo ngati n'kotheka akhale wa ntchito yofanana ndi imene mwanayo akulowera: msodzi kwa msodzi, telala kwa telala, wa geni kwa wa geni. Amene akupita ku Joni asanyamuke ngati akuthawa. Tikhale naye pansi, timuuze zimene akakumane nazo, ndipo pakhale munthu womuimbira pa WhatsApp mwezi ndi mwezi, ndi wina woyendera mkazi ndi ana amene atsala. Pa bwalo, tisanafike pa ndalama za simenti, tiyambe tafunsana kuti anthu aja tinapatsana ali bwanji. Amayi ali patsogolo kale pa zimenezi, chifukwa chilangizo ndi maulendo a Lachinayi zimawafikitsa m'makomo, monga Tito 2 amanenera kuti amayi aakulu aphunzitse aang'ono. Dzenje lalikulu lili kwa ife abambo. Ndipo asodzi amene amakocheza m'mawa wa Lamulungu atatopa ndi usiku wonse, tileke kuwawerenga ngati akhristu ofooka. Mkulu wa mpingo apite ku doko madzulo pamene akusoka maukonde, akhale pa mchenga, atsegule Mawu m'Chichewa kapena m'Chiyao, poti Baibulo la Chiyao liliponso tsopano, ndipo amene sadziwa kuwerenga angathe kulimvera pa foni.

Mnyamata wa kabaza uja sanabwererebe kutchalitchi. Ndinasiya kumufunsa za zimenezo. Lachitatu lililonse madzulo ndimapita pa siteji pake, amandikweza kupita kunyumba, ndimalipira monga aliyense, kenaka timakhala pakhonde mayi akunyumba atatipatsa tiyi. Masabata oyamba tinkangokamba za mtengo wa petulo ndi za apolisi apamsewu. Mwezi wachitatu anandiuza zimene anachita ku Johannesburg, zimene sanauzepo munthu, ndipo tinalira tonse. Sabata yatha anabwera ndi funso. Ananyamula mlendo wochokera ku Lilongwe amene sankadziwa mitengo ya kuno, ndipo anzake pa siteji anamutsinzinira diso kuti amutchaje kawiri. Iye anatchula mtengo weniweni, anzakewo n'kumuseka tsiku lonse kuti wayamba ubusa. "Ndiye abambo," anatero akuzunguza kapu m'manja, "mawa ndikawayankhe chiyani?" Tinatsegula Luka 3 pa foni yake, tinawerenga kawiri, ndipo tinakambirana mpaka udzudzu unatithamangitsira m'nyumba. Lachitatu likubwerali akuti abwera ndi mnzake wa pa siteji pomwepo.